Mabaluni a pa Chinkhoswe cha Tadala

Tsikulo linali la msika. Ndowa ya mayi inkadontha, ndipo anandituma kuti ndikaisiye kwa mmisiri wokhoma zidebe. Iwo ndi mlongo wanga wamng'ono anali atalawirira kuchigayo. Bambo anali kudimba. Ine ndinali mnyamata wongoyamba kumera tindevu, tomwe ndinkatisisita pafupipafupi kuti anthu atione.

Kwathu ndi ku Angonia, kuseri kwa mapiri a Dedza, mbali ya Mozambique. Nkhondo tinkangoimva m'kamwa mwa anthu odutsa. Nthawi zonse inkakhala ili kuseri kwa phiri lakutilakuti, ndipo phirilo silinkakhala lathu.

Ndili panjira ndinamva ngati wina akuthyola nsungwi zouma. Ndinaima kuti ndimuone wothyolayo. Kenako mayi wina anandidutsa akuthamanga, mwana atamukoleka m'khwapa, chitenje chikukwekwereza pansi. Mpamene ndinadziwa kuti ndi mfuti.

Nzeru imene inandibwerera ndi iyi: ndinavala ndowa ija kumutu. Mpaka lero sindidziwa kuti ndowa yolephera kusunga madzi ndinkati iletsa bwanji chipolopolo. Ndinathamanga ndikungoona zala za kumapazi. Ndinagunda nthochi, n'kuipepesa, n'kupitiriza.

M'kati mwa ndowa phokoso lililonse limalira kawiri. Mfuti ikalira kunja, inkaliranso m'makutu mwanga. Ndimaganiza kuti nkhondoyo inandilowa m'mutu pamenepo, chifukwa sinatulukemonso.

Bambo ndinawapeza pamtsinje, khasu likadali m'manja. Anandivula ndowa n'kundiyang'ana kumaso kanthawi. Anandilozera anthu amene ankakwera chitunda, n'kunena kuti ndiwatsatire mpaka kumsewu waukulu, ndikawadikire kumeneko. Bambowo analowera njira ya kuchigayo.

Munthu pothawa amatola chimene dzanja lapeza. Bambo wina anasenza chitseko cha nyumba yake. Nkhalamba ina inakulunga wailesi yopanda mabatire m'bulangete, iyo ikunjenjemera ndi chisanu. Ine wa ndowa yobooka sindikanaseka munthu. M'njira ndowayo inapeza ntchito: tinkatungira madzi, wina atatseka pobookapo ndi chala. Chalacho chinali changa.

Tinkayenda m'tchire, kupewa njira. Tinkadya mbatata zaziwisi za m'minda ya eni. Tinadutsa mudzi wina ukufukabe utsi. Panali mbuzi ili chimangirire pachikhomo, itadya udzu wonse mozungulira mpaka pomwe chingwe chinalekezera. Wina anaimasula.

Malire a kumeneko ndi msewu wa tara basi. Mbali iyi Mozambique, mbali inayo Malawi. Ine ndinkayembekezera mpanda wautali ndi chipata cha asilikali. Ndinapeza mayi akugulitsa kabichi. Tinayang'ana uku ndi uku kuopa magalimoto, n'kuwoloka. Nkhondo inatsala tsidya lija, pamtunda woti nkhuku imapita n'kubwerako.

Ndinavundikira ndowa m'mbali mwa msewu n'kukhalapo. Ndinadikira masiku. Bambo anatulukira ali okha, khasu alibe. Mayi ndi mlongo wanga sanali nawo.

Nkhondo itatha anthu ambiri anabwerera kwawo. Ife tinalibe woti tikamupeze, ndiye tinatsala kwa abale ku Dedza. Kumeneko ndinaphunzira kukhoma zidebe, ndinakwatira mayi a Tadala, kenako tinabwera ku Lilongwe kuno n'kupeza kanyumba ku Kawale. Wondifunsa kwathu ndinkamuuza kuti ndi ku Dedza. Sikunali kunama kwenikweni. Ndinkangosiya kutchula mbali ya msewu.

Ntchito yanga ndi zinthu zimene anthu ataya. Zitini za mkaka, za mafuta ophikira, za penti, malata adzimbiri, migolo yobooka. Kachitini ka nsomba kamasanduka koloboyi. Lata limene linatopa padenga limasanduka mbaula. Chivundikiro cha mgolo chimasanduka chiwaya cha tchipisi. Ndikamadutsa padzala anthu amagwira mphuno, ine ndimayenda pang'onopang'ono ngati ndili m'sitolo. Malo anga ali kuseri kwa msika, ndipo chokhomerapo changa ndi chidutswa cha njanji. Ndimakhoma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wogulitsa tomato pafupi nane anasamuka, ati tomato wake ankafewa ndi phokoso.

Apa mpamene anthu a ku Kawale ankalephera kundimvetsa. Munthu wosokosa kuposa onse mumsika ndiye ankaopa phokoso. Tayala likaphulika, minibasi yakale ikatsokomola, mwana akapopa jumbo n'kuwomba, ndinkapezeka ndili pansi pa benchi. Thupi linkapita lokha, nzeru zinkabwera pambuyo kudzalifunafuna. Phokoso lopanga ine silindiopsa, chifukwa ndimadziwa nthawi imene libwere. La wina ndilo limafika osaodira.

Ndikakhala pansipo ndinkapapasa dothi n'kumati ndagwetsa msomali. Ndinayamba kuyenda ndi msomali m'thumba, wongoonetsa potuluka. Anyamata ogulitsa makala anandipatsa dzina loti a Msomali. Tayala likangophulika ankakuwa, "A Msomali, wapezeka?" Ndinkautukula, iwo n'kuwomba m'manja. Ndinkaseka nawo. Koma koloboyi wa tsiku limenelo ankatuluka wopindika khosi. Zinkandipweteka, ndisaname. Munthu wamkulu, wa ana akusukulu, kutuluka pansi pa benchi fumbi lili mbuu m'mawondo.

Kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi chitseko. M'minibasi ndinkalimbirana malo ndi kondakitala. Chilimwe anthu akamatentha tchire sindinkadya. Nsapato ndinkaziika kumutu kwa bedi, zitayang'ana kukhomo, mpaka mayi a Tadala ankati anakwatiwa pamitala, iwo ndi nsapato. Iwo okha ndiwo ankadziwa gwero lake. Ana sitinawauze. Inu obadwira mumtendere mumaona ngati nkhondo ikatha imapita kwawo. Yanga inakwera nane basi mpaka ku Kawale, ndipo lendi sinkalipira.

Tadala, mwana wathu woyamba, anakula n'kupeza mwamuna. Dzina lake Yamikani, mnyamata wamtali wofatsa, wokonza mafoni ku Area 36, nthawi imene mafoni a m'manja anali atangoyamba kuchuluka. Makolo ake anamwalira iye ali khanda. Anamulera ndi azakhali ake, a Nangozo a ku Ntcheu, ogulitsa kaunjika, okhala ku Biwi. Kubanja kumeneko amuna ankalankhula, koma mawu omaliza ankachokera kwa a Nangozo.

Anabwera kudzationa tsiku lina masana. Mayi wamsinkhu, wa ndolo zazikulu, wosaseka. Tinawapatsa mpando wabwino wa pakona, iwo n'kusankha wa pafupi ndi chitseko, womwe unali wanga. Anamwa tiyi mpaka kumaliza, n'kuika kapu pansi.

"Pepani abambo, ine sindizungulira. Ndamva kumsika kuti mumagwa. Ndi khunyu, kapena ndi mutu?"

"Ndi msomali, amayi."

"Msomali."

"Eya. Pantchito yathuyi timagwetsa kawirikawiri."

Anandiyang'ana mmene amayang'anira malaya a m'belo, kufufuza pong'ambika. "Mwana uja ndalera movutika. Sindingakamuponye kubanja la matenda obisa. Ndidzaona ndekha pachinkhoswe. Paja nkhuku tisanasinthane, nkhani imakhala isanathe."

Zimenezo zinali zoona. Pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kubweza nkhuku yathadzi, ndipo zikasinthana manja ndiye kuti mabanja awiri amangana. Zisanatero, munthu akhoza kunyamula tambala wake n'kubwerera naye.

Atachoka, Tadala anadzagwada pafupi nane. Maso anali ofiira. "Adadi, tsiku limodzi lokha. Pulizi." Ndinalonjeza. Kulonjeza kunali kosavuta, chifukwa pakamwa pamandimvera. Miyendo ndiyo inali ndi bwana wina.

Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti pasakhale mabaluni. Zaka zimenezo mabaluni anali atavuta mu Lilongwe. Ukwati, chinkhoswe, ngakhale kutsegulira saluni, paliponse ankalendewera. Komiti ya atsikana anzake a Tadala inayankha kuti chinkhoswe chopanda mabaluni ndi maliro, koma aika ochepa.

Tsikulo linafika, mwezi wotentha, mvula isanagwe. Mwambo unali muholo ya sukulu ina, yofolera malata yopanda siling'i. Ndinalawirira kukasiya mbaula ndi ndowa zimene ndinawakhomera anawo. Nditalowa ndinaima. Ochepa aja anali pakhomo, m'makoma, m'mawindo, patebulo, mpaka kudenga. Oyera ndi apinki, onenepa, atandizungulira mbali zonse, aliyense akudikira nthawi yake.

Muholomo munalibe munthu. Ndinaganiza mofatsa, ndipo nzeru inabwera yooneka bwino. Phokoso lopanga ine silindiopsa. Ndinatulutsa msomali n'kuyambira pakhomo. Pho! Mtima zii. Pho! Palibe kanthu. Ndinayamba kumva kukoma. Chibadwire sindinagwirepo ntchito yotsitsimula ngati imeneyo. Ndinali nditamaliza khoma limodzi, ndikuimba kanyimbo ka kwaya, pamene wapampando wa komiti analowa atanyamula maluwa apulasitiki.

"Adadi ake a Tadala! Mukupanga chani? Dekoleshoni yathu!"

Ndinati ndikuyesa ngati ali olimba. Anandilanda msomali, n'kunditulutsa panja ngati mbuzi yalowa m'dimba. Kenako anaitana anzake kudzapopa ena. Anapopa ambiri kuposa oyamba aja, ndipo poti ankapopa ali okwiya, anawakhutitsa mpaka kunyezimira.

Anthu atadzaza, ife makolo anatiika kutsogolo, kutali ndi chitseko. Ndinali m'jekete lobwereka londithina m'mapewa. Patsogolo pathu panali tebulo lalitali lokutidwa ndi nsalu yofika pansi, pamwamba pake khasu, nkhwangwa, lichero, mithiko ndi mbaula yanga. Nkhuku zija anazimanga miyendo n'kuziika kunsi kwake, pamthunzi. A Nangozo anakhala kumapeto ena a tebulolo, chikwama chili pamwendo, maso ali pa ine.

Dzuwa litakwera, malata anayamba kuwotcha. Ine malata ndimawadziwa, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera. Baluni lina la kudenga linaphulika lokha. Ndinagwira mpando. Lina linatsatira chakumbuyo. Ndinaluma lilime mpaka kumva mchere. Mayi a Tadala anandiponda phazi ndi chidendene cha nsapato yawo yagogoda, osachotsanso. Chikondi cha tsiku limenelo ndinayenda nacho motsimphina sabata yonse.

Atsikana analowa atafunda zitenje kumutu kuti Yamikani apeze wake. Woyamba kumuvundukula anali msuweni wa Tadala, anthu n'kufa nazo kuseka. Ine ndinkamva ngati zikuchitikira kunyumba ya aneba. Maso anga ankayenda kuchoka pa baluni ili kupita pa ilo, kuti lophulika ndilidziwiretu. Thukuta linkatsikira m'masokosi. Tadala atapezeka, nthungululu zitalira, woyendetsa mwambo anaitana ankhoswe kuti nthawi ya nkhuku yakwana. Ndinati mumtima, ndapulumuka.

Panali baluni limodzi limene sindinalione. Analimangirira pachitsulo choikapo maiki, pakamwa penipeni pa maikiyo. Linaphulika, ndipo masipika onse a DJ analilandira n'kulikuza. Holo yonse inasanduka m'kati mwa ndowa.

Nzeru zitandipeza, ndinali pansi pa tebulo. Munali kamdima ndi fungo la zitosi. Tambala ankandiyang'ana ndi diso limodzi. Kunja masipika anali atazima, anyamata akukangana za mawaya. Ndinapapasa m'thumba, msomali munalibe. Ndinaganiza za Tadala atagwada paja, ndipo ndinafuna kulira. Mwana anandipempha tsiku limodzi lokha, ine ndalephera kumupatsa.

Kenako ndinamva wina akupuma mofulumira. Kuseri kwa tambala kunali a Nangozo, atagwada, duku litapendekeka. Chibwano chinali pachifuwa, zigongono zitatseka makutu, manja atagwirana pankhongo. Kagwiridwe kameneko ndinakadziwa. Sikophunzira pogulitsa kaunjika.

Tinayang'anana.

"Ndikufuna ndolo yanga," anatero. Ndolo zonse ziwiri zinali m'makutu.

"Ine msomali," ndinatero. "Kungoti andilanda."

Tambala anasuntha pang'ono kutipatsa malo.

"Mwati kwanu ndi ku Dedza?" anandifunsa a Nangozo.

"Eya."

"Mbali iti ya msewu?"

Ndinatchula mudzi wathu. Dzinalo linali lisanatulukepo pakamwa panga chifikire mu Lilongwe, ndipo linatuluka lolemera. Iwo anatchula wawo. Unali kuseri kwa phiri lija tinkati nkhondo ili kumeneko.

"Munasiya ndani?"

"Mayi. Ndi mlongo wanga Rozina."

"Ine mchimwene wanga ndi mkazi wake." Anakweza nsalu pang'ono ndi chala. Tinaona nsapato zopolisha za Yamikani, zazikulu, zitaima pafupi ndi za Tadala. "Uyo ndinawoloka naye kumbuyo. Akafuna kulira ndinkamutseka pakamwa ndi dzanja ili. Iye amadziwa kuti anabadwira ku Ntcheu. Zangazi ndimamuuza kuti ndi BP." Anatsitsa nsalu. "Wakula akunditulutsa pansi pa bedi, abambo. Ndimafuna kumene akupitako akapume."

Ndinawamvera chisoni, ndipo mantha onse amene ndinali nawo pa iwo anathera pomwepo. Ndinalibe mawu akuluakulu. Ndinawauza chimene ndinali nacho, kuti Tadala alibe zimenezi. Tayala likaphulika, iye amathamangira komweko kukaonerera.

A Nangozo anaseka. Kanali koyamba kuona mano awo. Anaseka atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsikira pachitenje chatsopano. Inenso zinandigwira. Tinaseka ngati ana othawa ntchito.

Nsalu inatukulidwa. Nkhoswe wathu anawerama kuti atenge nkhuku, n'kupeza bambo a mkwatibwi ndi azakhali a mkwati atagwada limodzi, maso ali onyowa. Kumbuyo kwake kunali wojambula vidiyo, kamera ili paphewa.

Sindinaone nthawi imene azakhaliwo anavula ndolo. A Nangozo anatuluka mwaulemu wawo wonse, atatukula ndolo imodzi m'mwamba kuti aliyense aione.

"Yapezeka. Abambowa ali ndi maso."

Kenako anawerama, n'kunyamula tambala ndi manja awo, n'kumuika m'manja mwa nkhoswe wawo. "Perekani, tachedwa."

Nkhuku zinasinthana manja. Nthungululu zinalira, masipika anadzuka, anthu anakhamukira kutsogolo. Tadala anabwera pamene ndinaima. Anawerama m'diresi lake lija n'kundisasa fumbi m'mawondo.

Mwambo wotsalawo ine ndi a Nangozo tinauonerera tili pafupi ndi chitseko. Anatuma anyamata kuti atisunthire mipando, ati kutsogolo kukutentha ndipo BP yawo sifuna kutentha. Panalibe wowatsutsa. Baluni likaphulika tinkadzidzimuka limodzi, n'kuyang'anana, n'kukhalabe pampando. Vidiyo ilipo mpaka lero. Alendo akabwera, ana amaibweza pamene tikutuluka pansi pa tebulo, ndipo mayi a Tadala amanamizira nsanje.

Bambo anga anamwalira ku Dedza atakalamba, ali pamphasa yawo. Za mayi ndi Rozina sitinamvepo kanthu. Mchimwene wa a Nangozo ndi mkazi wake anakwiriridwa ndi anthu ongodutsa, ndipo malo ake palibe akuwadziwa. Mwana wawo Yamikani, tsiku la chinkhoswe lija, anavina mpaka jekete linang'ambika m'khwapa.